Ziphaso za Kampani Yonyamula Alendo Okaona Malo: Kapezedwe Kake ndi Kasungidwe Kake

Basi yonyamula alendo okaona malo imayenda ndi zilolezo zosachepera zinayi pa nthawi imodzi: cha kampani, cha galimoto, cha dalaivala, ndi cha ulendo umene uli pamsewu tsikulo. M'mayiko ambiri pamawonjezekeranso chachisanu, chochokera ku nthambi yoona zokopa alendo. Chilichonse chili ndi ofesi yake ndiponso tsiku lake lothera mphamvu. Chimodzi chikangotha, zinazo sizikuombolani. Basi imaimikidwa pambali pa msewu alendo ali momwemo, ndipo ngati pachitika ngozi, a inshuwalansi amapeza pothawira. Mayina a mapepala amasiyana dziko ndi dziko, koma zimene aboma amafuna kutsimikiza n'zofanana pafupifupi kulikonse.

## Ntchito yanu ili m'gulu liti

Malamulo amagawa onyamula anthu m'magulu, ndipo chilolezo cha gulu lina sichigwira ntchito ku gulu linzake. Pali basi yoyenda njira imodzi pa nthawi zoikika, imene aliyense amakwera pasiteji n'kulipira yekha. Pali hayala, pamene munthu kapena bungwe latenga basi yonse pamodzi ndi dalaivala wake. Ndiye pali ulendo wokaona malo, umene kampani imakonza yokha: gulu limadziwika basi isananyamuke, limapita limodzi, limabwerera limodzi. Ku European Union hayala ndi maulendo okaona malo amawerengedwa ngati maulendo a apo ndi apo, ndipo mapepala ake ndi osiyana ndi a mabasi a tsiku ndi tsiku.

Kusiyanaku kumaonekera pobwerera. Dalaivala watsitsa alendo kuhotela, basi ikubwerera yopanda munthu, iye n'kuganiza zotolako okwera panjira. Matola amenewo ndi ntchito ya gulu lina, ndipo anthu otoledwawo sali pa mndandanda wa apaulendo anu. Lembani m'kontirakiti ya dalaivala aliyense kuti zimenezi n'zoletsedwa, ndipo chilango chake chidziwikiretu.

Kenako werengani mipando, chifukwa ndi imene imasankha lamulo lokugwirani. Ku European Union malamulo a mabasi amayamba pa galimoto yotenga anthu opitirira 9 kuwerengera ndi dalaivala. Ku United States dalaivala amafunika laisensi ya magalimoto a malonda ngati galimoto inapangidwira anthu 16 kapena kuposerapo, dalaivala ali momwemo. Chimene chimawerengedwa ndi mipando yolembedwa m'buku la galimoto, osati anthu amene akwera tsikulo. Kuzula mipando iwiri kumbuyo sikutsitsa galimoto m'gulu lake pokhapokha itakalembetsedwanso.

Palinso msampha wa "ulere". Hotela imene imanyamula alendo ake popanda kuwalipiritsa padera imaganiza kuti sikuchita malonda onyamula anthu. M'mayiko ngati Britain lamulo limaona kuti mtengo wa ulendowo wabisala mu mtengo wa chipinda, choncho hotelayo imafunikabe laisensi.

## Laisensi ya kampani

Musathamangire kugula basi. Lembetsani kaye kampani, tengani nambala ya msonkho, tsegulani akaunti ya kubanki m'dzina la kampaniyo, ndiye muwerenge zimene ofesi yopereka laisensi imafuna pa galimoto. Ambiri amayamba ndi basi ya ngongole, n'kuiona ikukhala pabwalo miyezi ingapo podikira mapepala, uku banki ikufuna zake.

Lamulo la European Union nambala 1071 la 2009 limasonyeza bwino zimene amayang'ana, chifukwa linaziika pa mfundo zinayi. Kampani ikhale ndi malo enieni ogwirirapo ntchito, pamene mapepala amasungidwa ndipo oyendera angafikepo. Eni ake ndi oyang'anira akhale a mbiri yabwino. Ikhale ndi chuma chokwanira. Ikhalenso ndi munthu wodziwa ntchito, amene anakhoza mayeso a kayendetsedwe ka zamtengatenga.

Za chuma anthu amazimva molakwika. Lamulolo limafuna mayuro 9,000 pa galimoto yoyamba ndi mayuro 5,000 pa iliyonse yowonjezera, ndiye kampani ya mabasi atatu iyenera kusonyeza mayuro 19,000. Ndalamazi si zolipira kuofesi ayi. Ndi chuma chimene chiyenera kuoneka kuti kampani ili nacho nthawi yonse ya laisensi, poti kampani ikauma m'thumba zoyamba kuzengerezedwa ndi matayala ndi mabuleki. Kubwereka ndalama kwa mnzanu sabata imodzi kuti sitetimenti ya kubanki ioneke yonona sikuthandiza, chifukwa oyendera amayang'ana mmene akaunti yakhalira pa nthawi yaitali, ndipo angafunsenso pakati pa chaka.

Munthu wodziwa ntchito uja sayenera kukhala dzina chabe la papepala. Lamulo lomweli limalola kulemba ganyu munthu wakunja kwa kampani, koma asayang'anire makampani opitirira 4 kapena magalimoto opitirira 50 onse pamodzi. Ngati wanuyo sanaonepo ndandanda ya maola a madalaivala anu, oyendera adzazindikira ndi mafunso awiri okha.

Pa za mbiri, ululani milandu yonse imene fomu ikufunsa, ngakhale yakale. Mlandu wakale nthawi zambiri umakambidwa n'kutha. Kuubisa ndiko kumalanditsa laisensi.

Ku United States njira yake ndi ina koma mutu ndi womwewo. Kampani yodutsa malire a zigawo imalembetsa ku Federal Motor Carrier Safety Administration, imapatsidwa nambala ya USDOT ndi chilolezo chogwira ntchito, imayang'aniridwa mwapadera kwa miyezi 18 yoyamba, ndipo imayenera kukonzanso zolembetsa zake zaka ziwiri zilizonse. Ku South Africa lamulo la National Land Transport Act la 2009 linapereka kwa National Public Transport Regulator udindo wovomereza makampani onyamula alendo okaona malo.

Laisensi ndi ya kampani imene inapempha. Siigulitsidwa, siibwereketsedwa, ndipo sitsatira basi ikagulitsidwa. Mukasintha eni, adiresi, malo oimika mabasi kapena woyang'anira, dziwitsani ofesi mwa kalata. Ku Britain nthawi yochitira zimenezi ndi masiku 28.

## Galimoto

Musanapereke ndalama kwa wogulitsa, yerekezerani zinthu zitatu ndi buku la galimoto: nambala ya chasisi, nambala ya injini, ndi chiwerengero cha mipando. Samalani kwambiri ndi galimoto imene inali ya katundu n'kuikidwa mipando, kapena imene inatalikitsidwa. Mipando yomangidwa ndi mabawuti pa chitsulo chopyapyala cha pansi imazuka pangozi pamodzi ndi malamba ake, ndipo mabuleki amene anapangidwira kulemera kwina sakula chifukwa choti thupi la galimoto lakula. Funsani chikalata chosonyeza kuti kusinthako kunavomerezedwa. Ngati palibe, isiyeni.

Ngozi ya ku Schoharie, m'chigawo cha New York, pa 6 October 2018, inapha anthu 20. Galimotoyo inali yotalikitsidwa, inali italephera poyesedwa n'kuletsedwa kuyenda, koma inanyamulabe gulu la anthu, ndipo mabuleki anakana pamtsetse. Dalaivala wake analibenso chilolezo chonyamula anthu ochuluka choncho.

Chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino, chimene ambiri amangoti COF, chimatha msanga pa mabasi kusiyana ndi galimoto za anthu wamba. Kwina ndi chaka, kwina miyezi 6. Koma COF imangonena za tsiku limene basi inayesedwa. Zapakati pa mayeso awiri ndi udindo wanu, ndipo oyendera akabwera kuofesi amafuna umboni wolembedwa.

Umboni woyamba ndi wa m'mawa uliwonse. Dalaivala azungulire basi asananyamuke, ali ndi fomu m'manja: matayala ndi manati ake, magetsi onse, magalasi, mawaipa, hutala, mafuta kapena madzi odontha pansi, malamba a mipando, zitseko, chozimitsira moto, bokosi la chithandizo choyamba. Asaine ngakhale sanapeze vuto. Akapeza vuto, fomu yomweyo isonyeze amene anakonza ndi tsiku lake. Fayilo imene mafomu ake onse amati "zonse zili bwino" kwa chaka chathunthu imakayikitsa kuposa ya mavuto olembedwa n'kukonzedwa, chifukwa palibe basi imene imatha chaka osapserera ngakhale babu limodzi.

Umboni wachiwiri ndi wa kugalaja. Ku Britain basi imayenera kuunikidwa ndi makaniko pakapita masabata a pakati pa 4 ndi 13, malinga ndi ukalamba wake ndi ntchito imene imagwira, ndipo mapepala ake amasungidwa kwa miyezi 15. Basi yoyenda m'misewu ya fumbi ndi m'mapiri ikhale kufupi ndi masabata 4 kapena 6. Kuunikaku n'kosiyana ndi sevisi yosintha oyilo, ndipo kumafuna dzenje kapena chokwezera kuti makaniko aone kunsi.

Pa matayala, kuya kwa mizere si nkhani yonse. Basi ya alendo imatha kukhala miyezi osayenda, ndiye tayala limakalamba lisanathe. Pambali pa tayala pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2019. Kuyambira pa 1 February 2021 Britain inaletsa matayala opitirira zaka 10 kutsogolo kwa mabasi, ndipo ku United States tayala lomatidwanso mphira kapena lojambulidwanso mizere sililoledwa kutsogolo kwa basi. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: lakutsogolo likaphulika, chiwongolero chimachoka m'manja.

Pa basi ya mabuleki a mpweya, dalaivala adziwe kuyesa kutayika kwa mpweya. Adzaze matanki, azimitse injini basi itatsekeredwa matayala pamalo athyathyathya, amasule buleki yoimikira, aponde buleki n'kuigwira kwa mphindi imodzi. Muyezo wa ku United States umati singano ya geji ya mpweya isatsike kupitirira 3 psi (muyezo wa mphamvu ya mpweya) pa mphindiyo. Atulutsenso madzi m'matanki kawirikawiri, poti madzi amawononga mavavu.

Zitseko ndi mazenera othawirapo pangozi zimaiwalika chifukwa sizitsegulidwa tsiku ndi tsiku. Zimachita dzimbiri, kapena wina amaikapo katundu, ndipo tinyundo toswera galasi timasowa. Lamulo la ku United States limafuna kuti ziyesedwe masiku 90 aliwonse. Chochepetsa liwiro, chimene ku European Union chimaikidwa pa makilomita 100 pa ola pa mabasi, chisakhudzidwe ndi aliyense. Chidindo chake chikapezeka chothyoka, mlandu ndi wa kampani.

Kulemera nakonso. Mipando ikhoza kukwana koma basi n'kulemera mopitirira. Chotsani kulemera kwa basi yopanda kanthu pa kulemera kololedwa kumene kwalembedwa pa kachitsulo ka fakitale. Tiyerekeze kuti kololedwa ndi makilogalamu 5,000 ndipo basi payokha ndi 3,200. Atsala 1,800. Anthu 20 a makilogalamu 75 aliyense atenga 1,500, ndiye katundu yense asapitirire 300, kutanthauza makilogalamu 15 pa munthu. Alendo a ulendo wa sabata yathunthu amabwera ndi masutikesi oposa pamenepo. Kuwakweza padenga kumachititsa basi kupendekeka pokhota, ndipo kukoka ngolo kumafuna kuti ngoloyo ikhale ndi mapepala ake, komanso laisensi ya dalaivala ilole kukoka.

## Dalaivala ndi maola ake

Laisensi ya gulu loyenera ndi poyambira chabe. Ku European Union gulu D1 ndi la basi ya okwera osapitirira 16, gulu D ndi la zazikulu, ndipo dalaivala amachita maphunziro a maola 35 zaka 5 zilizonse. Ku South Africa pamafunika chilolezo cha dalaivala wa ntchito chotchedwa PrDP, chimene chimaperekedwa atapimidwa ndi dokotala ndi kufufuzidwa milandu. Sungani kope la chilichonse m'fayilo ya dalaivalayo, ndipo kaperekeni nambala ya laisensi kuofesi imene inaitulutsa kuti itsimikize. Khadi looneka bwino likhoza kukhala la munthu amene anaimitsidwa kuyendetsa.

Pamene makampani ambiri abwinobwino amagwera ndi pa maola, ndipo cholakwacho chimachitikira muofesi, pa tsiku lokonza pulogalamu ya ulendo, osati pamsewu.

Lamulo la European Union nambala 561 la 2006 limati dalaivala asayendetse maola opitirira 9 pa tsiku, ngakhale angafike 10 kawiri pa sabata. Akayendetsa maola anayi ndi theka apume mphindi 45. Pa sabata asapitirire maola 56, ndipo pa masabata awiri otsatizana asapitirire 90. Pa maola 24 aliwonse apume maola 11, amene angatsike kufika pa 9 katatu kokha asanapume mpumulo wa pasabata. Ku United States dalaivala wa basi amayendetsa maola osapitirira 10 atapuma maola 8 otsatizana, ndipo sayendetsanso akakwanitsa maola 15 ali pantchito. Ngakhale kumene lamulo silinena manambala, awa ndi oyenera kuwatsatira, chifukwa tulo ta dalaivala n'timodzimodzi kulikonse.

Tiyeni tiyese ulendo wa tsiku limodzi wopita pamalo a makilomita 320. Wokonza pulogalamu amayang'ana pafoni, imamuuza maola 4, iye n'kulemba choncho. Koma foniyo ikuwerengera galimoto yaing'ono. Basi yodzaza, yodutsa m'matauni ndi m'zitunda, imayenda mwina makilomita 60 pa ola mukaphatikiza zonse. Ndiye kupita ndi maola 5 ndi mphindi 20, kubwerera chimodzimodzi, onse pamodzi maola 10 ndi mphindi 40. Apitirira kale ngakhale malire a maola 10, tisanawerengere kuchoka kumene basi imagona kukatenga alendo kumahotela awo.

Palinso malire achiwiri amene amaiwalika. Ngati dalaivala ayenera kupuma maola 11 pa maola 24, tsiku lake lonse la ntchito lisapitirire maola 13, kuyambira pamene wayamba kuzungulira basi m'mawa. Woyamba 5 koloko m'mawa akhale ataweruka pofika 6 koloko madzulo. Maola amene anakhala pansi pa mtengo kudikira alendo saimitsa wotchi imeneyi. Kukweza masutikesi, kutsuka basi ndi kumwetsa mafuta, zonsezo ndi ntchito, si mpumulo.

Njira zilipo zitatu: kufupikitsa ulendo, kugona konko, kapena kutenga madalaivala awiri. Awiri akakhala m'basi imodzi, lamulo la ku Europe limawalola kupuma maola 9 pa maola 30, ndiye tsiku lawo likhoza kufika maola 21. Mtengo wa dalaivala wachiwiriyo ulowe mu mtengo wa ulendo pachiyambi pomwe. Kasitomala akakana, ulendowo ndi wosatheka, ndipo kuli bwino kumuuza akadali muofesi kusiyana n'kumuuza usiku pamsewu.

Dalaivala waganyu ndiye wovuta kwambiri, poti simudziwa kumene wachokera. Akhoza kufika m'mawa atayendetsa lole usiku wonse. Asaine chikalata chonena maola amene wagwira kwina masiku apitawo, ndipo ngati pali khadi la tachograph, makina a m'basi olemba maola oyendetsa ndi opuma a dalaivala, liwerengeni asanakwere.

Kumene tachograph ndi lamulo, zolembedwa m'khadi la dalaivala zimakoperedwa masiku 28 aliwonse, za m'makina a m'basi masiku 90 aliwonse, ndipo zimasungidwa kwa chaka chimodzi kapena kuposerapo. Kungokopera osawerenga n'kudzisungira umboni wokutsutsani. Wina aziziwerenga, azilemba zolakwa, ndipo dalaivala wolakwayo azisainira kuti wauzidwa. Kumene kulibe tachograph, buku la maulendo kapena kachipangizo ka GPS kagwire ntchito yomweyo.

Za mowa, ku United States malire a dalaivala wa galimoto ya malonda ndi 0.04 peresenti ya mowa m'magazi, theka la a anthu wamba m'zigawo zambiri. Kampani yanzeru imaika malire ake pa ziro n'kugula chopumiramo chake.

## Inshuwalansi

Inshuwalansi yokakamizidwa ndi lamulo, yolipira anthu ena amene mwawavulaza, nthawi zambiri imakhala ndi malire otsika kwambiri poyerekeza ndi basi yodzaza anthu. Funsani mwachindunji za chitetezo cha okwera: ndi ndalama zingati pa munthu mmodzi, ndipo ndi zingati pa ngozi imodzi. Nambala yachiwiriyo ndi imene imapweteka. Ku United States basi ya anthu 16 kapena kuposerapo yodutsa malire a zigawo imafunika chitetezo cha madola 5,000,000, ndipo ya anthu 15 kutsika m'munsi madola 1,500,000.

Werengani polise yonse, chikalata cha mgwirizano wanu ndi a inshuwalansi, makamaka mizere inayi: ntchito imene galimoto yalembedwera, chiwerengero cha mipando, zaka ndi ziphaso za madalaivala ololedwa, ndi mayiko amene chitetezo chimafika. Galimoto yolembedwa kuti ndi ya ntchito za pakhomo kapena yonyamula antchito a kampani ilibe chitetezo ikanyamula alendo olipira. Kudzaza mopitirira, COF yotha ndi dalaivala wopanda chilolezo ndi zifukwa zimene a inshuwalansi amakanira kulipira kapena kudzakulipiritsani pambuyo pake.

Inshuwalansi ya galimoto imathera pakhomo la basi. Mlendo akaterereka pamathithi kapena akavulala m'boti limene munamukonzera, pamafunika polise ina yoteteza kampani pa ntchito zake zonse.

## Mbali ya zokopa alendo

Ngati mumangopereka basi ndi dalaivala, ndinu wonyamula anthu. Mukayamba kugulitsa ulendo pamodzi ndi malo ogona pa mtengo umodzi, mwasanduka wokonza maulendo, ndipo malamulo ena akugwirani. Ku European Union lamulo nambala 2302 la 2015 limati wogulitsa zinthu ziwiri kapena zingapo zosiyana pa ulendo umodzi ndiye amayankha pa zonsezo, ndipo ayenera kukhala ndi chikole chobwezera ndalama za makasitomala kampani ikagwa. Ulendo wosakwana maola 24 wopanda kugona sulowa m'lamuloli. Mayiko ambiri amafunanso laisensi ya wokonza maulendo ndi chiphaso cha woperekeza alendo, ndipo malo osungira nyama zakutchire amakhala ndi zilolezo zawozawo za magalimoto a malonda. Dalaivala amene amayendetsa uku akufotokozera alendo pa maikolofoni ya m'manja akulakwira mbali zonse ziwiri.

## Kudutsa malire a dziko

Laisensi ya kwanu imathera paboda. Kupitirira apo pamafunika chilolezo chodutsa malire, chimene chimatchula basi, njira ndi masiku. Ku South Africa chimaperekedwa ndi Cross-Border Road Transport Agency, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 1998. Ku European Union basi imanyamula kope lotsimikizidwa la laisensi ya kampani ndi fomu ya ulendo yodzazidwa isananyamuke. Inshuwalansi nayo imafuna khadi lake: Yellow Card m'mayiko a COMESA amene ali m'ndondomekoyi, Green Card ku Europe. Onani dziko lililonse limene mudutse, chifukwa limene silili m'ndondomeko limagulitsa yake pachipata.

Nyamulani buku lenileni la galimoto kapena kope lodindidwa, kalata yololeza dalaivala kutuluka nayo, ndipo ngati basi ili pangongole, kalata ya banki. Mndandanda wa apaulendo ukhale ndi mayina ofanana ndendende ndi a m'mapasipoti, makope angapo. Wina akasintha maganizo m'mawa wa ulendo, konzani mndandandawo musananyamuke, chifukwa dzina limodzi losagwirizana limagoneka basi yonse paboda. Ana oyenda opanda makolo awo amafuna makalata a chilolezo. Ndipo chilolezo chodutsa malire sichikulolani kutenga gulu latsopano m'dziko la eni n'kulitsitsa momwemo. Ntchito imeneyo imatetezedwa kuti ikhale ya makampani a komweko, kupatula pamene pali mgwirizano woilola.

## Basi yobwereka

Nyengo ya alendo ikafika pachimake, kapena basi yanu ikafa usiku woti mawa ulendo, mumaimbira mnzanu. Apa ndi pamene dongosolo lonse lija limatayikira, chifukwa kasitomala anapangana ndi inu, ndipo zikavuta adzafuna inu.

Pali njira ziwiri, ndipo musazisakanize. Yoyamba, mwapereka ulendowo kwa kampani ina: basi ndi yawo, dalaivala ndi wawo, laisensi ndi inshuwalansi ndi zawo. Yachiwiri, mwabwereka basi yokha kuti iyende pansi pa laisensi yanu: iyenera kulowetsedwa pa laisensiyo ndi pa inshuwalansi yanu isanayende, ndipo isapitirize chiwerengero cha magalimoto amene munaloledwa. Choopsa ndi chapakatikati, basi ya uyu, dalaivala wa uyo, chikwangwani chanu pagalasi, popanda pepala lonena kuti woyankha ndani.

Musadikire tsiku la mavuto. Sankhiranitu makampani awiri kapena atatu, mutenge makope a laisensi yawo, COF ya basi iliyonse, inshuwalansi ndi ziphaso za madalaivala, ndipo muziwapempha atsopano akamatha. Pa tsikulo yerekezerani nambala ya basi imene yabwera ndi imene ili pamapepala. Zimachitika kawirikawiri kuti mapepala ndi a basi yabwino koma pageti pafika ina. Mgwirizano wanu uletsenso kampaniyo kupatsira ulendowo kwa wachitatu.

## Kalendala, ndi tsiku limene akuimitsani

Lembani pa tsamba limodzi chiphaso chilichonse cha kampani, cha basi iliyonse ndi cha dalaivala aliyense, pamodzi ndi tsiku lothera. Ikani chikumbutso masiku 60 lisanafike ndi china masiku 30, ndipo pakhale munthu mmodzi wodziwika ndi dzina amene ntchitoyi ndi yake. Risiti yosonyeza kuti mwapempha chiphaso chatsopano si chiphaso, pokhapokha lamulo litanena momveka kuti chakale chikugwirabe ntchito podikira. Konzani kuti COF izithera m'miyezi imene alendo amachepa, kuti basi ikalephera mayeso mukhale ndi nthawi yoikonza.

M'basi iliyonse mukhale chikwama cha mapepala a ulendowo, ndipo makope ake akhale kuofesi ndi pafoni ya dalaivala. Akaimitsidwa, dalaivala apereke zimene wafunsidwa, atenge chikalata chilichonse chimene wapatsidwa, alembe dzina kapena nambala ya womuimitsayo, n'kuimba kuofesi nthawi yomweyo. Basi ikaletsedwa kuyenda, isasunthe ndi alendo ngakhale hotela ili pafupi. Tumizani ina, vutolo likonzedwe, ndipo chiletsocho chichotsedwe ndi amene ali ndi mphamvu yochichotsa, mwa kulemba.

Chindapusa chilichonse ndi chiletso chilichonse zimalowa m'mbiri ya kampani, ndipo mbiriyo ndi imene imasankha amene aziimitsidwa pafupipafupi ndi amene oyendera amufikire kuofesi. Pa chochitika chilichonse ikani m'fayilo tsamba lonena chimene chinalakwika, chifukwa chake, ndi chimene mwasintha. Kalata yoopseza kuimitsa kapena kulanda laisensi ikabwera, yang'anani kaye tsiku lomaliza kuyankha kapena kuchita apilo, chifukwa masiku ake amakhala ochepa ndipo nthawi zambiri amawerengedwa kuchokera pa deti la kalatayo, osati tsiku limene mwaitsegula. Yankhani mwa kulemba, mfundo ndi mfundo, mutaphatikiza mafomu a m'mawa, malipoti a kugalaja ndi zolembedwa za maola a miyezi imene akufunsayo.